Kompyuta ya pa Mitundu Imene Inkayankhula ndi Mawu a Mkazi Wanga

Mkazi. Nyumba ya njerwa zootcha imene ndinamanga kwawo, kuseri kwa Nathenje. Dimba la m'mbali mwa mtsinje. Mbiri yabwino. Mwana wamkazi, amene ali moyo ndithu. Ndi mawu a mkazi wangayo, amene ndinachita kufufuta ndekha ndi chala changa.

Izi ndi zimene ndinataya m'chaka chimodzi, ndipo ndayamba ndi kuzitchula kuti musayese ndikufuna kukusangalatsani ndi nthano. Nkhaniyi ndi yoona. Sinditchula dzina la munthu aliyense, chifukwa ambiri mwa iwo alipo, ena mumakumana nawo pamsika wa Mitundu, koma amene anaona zimenezi akawerenga adziwa kuti sindinawonjezepo kanthu.

Inali nthawi ija zipani zitangochuluka, mabungwe akutuluka paliponse ngati ngumbi pa mvula yoyamba. Ine ndinali nditangomaliza maphunziro a zaulimi kukoleji, ndipo ndinalembedwa ntchito ndi mayi wina wachizungu wochita kafukufuku, amene anachita lendi kachipinda kuseri kwa sitolo ina pa Mitundu. Mayiyu anabwera ndi kompyuta yachilendo, yoti iziphunzitsa alimi popanda mlangizi. Pamwamba pake panali kamera yaing'ono ngati diso la nkhuku, panalinso kachitsulo kopanira pachala komva kugunda kwa mtima ndi thukuta, ndipo pambali tinaika nyali yowala kwambiri chifukwa kamerayo inkavutika kuona nkhope zathu zakudazi. Munthu akakhala pampando, kompyutayo inkamuonetsa zithunzi za kapangidwe ka mizere kapena kasungidwe ka chimanga, kwinaku ikumuyang'anitsitsa. Akatembenuza nkhope, inkaima n'kumuitana. Akakwinya pamphumi, inkabwereza. Maso akalemera kapena mtima ukathamanga, inkamuuza kuti apumule. Akagwedeza mutu, inkapitiriza. Panalibe matsenga, ndipo ine ndinkadziwa waya aliyense kumene akupita.

Chinasowa ndi mawu a Chichewa. Tinayesa anga, koma alimi anaseka kuti ndikumveka ngati wolengeza mauthenga a maliro pawailesi. Ndiye ndinatchula mkazi wanga. Iye anali mphunzitsi, mmodzi mwa aja analembedwa mwachangu sukulu ya pulayimale itakhala yaulere, ndipo anali ndi mawu oti ana odzaza pansi pa mtengo ankakhala chete osachita kuwakalipira. Loweruka lina ndinamukweza panjinga n'kubwera naye, anajambulitsa mawu ake tsiku lonse, akuseka pakati pa chiganizo chilichonse. Anali mawu ochepa: takulandirani, yang'anani kuno, simunamvetse kodi ndibwereze, mwatopa pumulani kaye ndikudikirani, mwachita bwino tiyeni tipitirize, kenako maphunziro enieniwo. Kuyambira tsikulo kompyutayo ankaitchula kuti mkazi mnzake, ndipo ndikafika kunyumba ankandifunsa ngati mkazi mnzakeyo wandiphikira, popeza ndi amene ndimakhala naye masiku ambiri.

Masiku oyamba makinawo ankavutitsa amayi. Mukudziwa kuti mayi wakwathu akamamvetsera mwaulemu amazolika, ndiye kompyutayo inkayesa kuti sakumvetsera, n'kumangowaitana kuti ayang'ane. Ndinamufotokozera mzunguyo, tinakonza kuti kuyang'ana pansi isamakuwerengere ngati kusamvetsera. Koma kutembenuzira nkhope kumbali tinakusiya momwemo. Ndani akanaganiza kuti pali ulemu winanso wotembenuzira nkhope kumbali? Ine ndinkaudziwa, ndinkauchita sabata iliyonse, koma sunandifike m'mutu.

Ndinali mkamwini. Lolemba m'mawa ndinkapalasa njinga kupita ku Mitundu, Lachisanu madzulo n'kubwerera, ndipo mwana wathu, amene anali asanayambe sukulu, ankandidikirira pamlatho wa matabwa pamene kanjira ka kumudzi kamakumana ndi msewu.

Mkazi wanga anamwalira pakati pa sabata, m'nyengo ya mvula. M'mawa anaphunzitsa bwinobwino, masana anadandaula mutu, madzulo anamukweza pangolo, ndipo kuchipatala anafika atazizira kale. Uthenga unandipeza m'mawa mwake ndikupukuta kamera ija. Pamaliro sindinalire. Si kuti sindinafune, koma misozi inangokana, ndipo ndinakhala pakati pa azibambo nditavala jekete, ndikuyankha aliyense kuti zikomo, zimachitika. Ena anati ndine wolimba mtima. Ena anangoyang'anizana.

Titameta, atsibweni ake a malemu, amene ndi eni mbumba, anandiitanira pambali. Ndi munthu wofatsa, wa tchalitchi, mlimi wa fodya, ndipo mpaka lero sindimuda. Anandiuza kuti nthawi yondisudzula ikadzakwana mwana adzatsala ndi agogo ake monga mwa mwambo, koma njira idzakhala yotsegula, ndizibwera Lachisanu lililonse ngati kale, ndipo akadzafika msinkhu wa sukulu ndidzamutenge ndikamuphunzitse ndekha. Anandigwira dzanja. Lonjezo limenelo ndi limene linandiimiritsa pamiyendo yanga, ndipo ndi limene ndinali nalo lokha.

Nditabwerera kuntchito ndinakhala pampando uja kuti ndione ngati nyali yalunjika bwino. Ndinali nditaiwala, kapena ndinene kuti mutu unkadziwa koma thupi silinkadziwa. Mkazi wanga anandiuza kuti takulandirani. Sindinasunthe. Patapita kanthawi, chala changa chili m'kachitsulo kaja, anandiuza kuti ndatopa, ndipumule kaye, andidikira. Anthu onse a pamaliro, abusa, anzanga a kukoleji, mayi anga ondibala, palibe anaona zimene bokosi la kompyuta lija linaona pa kamphindi kochepa. Kodi inu mukanatani? Ine ndinayamba kutsalira nthawi ya nkhomaliro, anzanga a m'masitolo akamapita kukadya tchipisi, n'kumatembenuza nkhope dala kuti andiitane, n'kumakwinya pamphumi dala kuti andifunse ngati sindinamvetse. Mzungu uja anazindikira, ndipo anandiuza mwachifundo kuti tikhoza kupeza mayi wina n'kujambula mawu atsopano. Ndinamuyankha kuti alimi anazolowera kale mawu amenewa.

Kumudzi mwana anali atasiya kuyankhula. Anamuuza kuti amayi ake apita ku Lilongwe, adzabwera, monga mmene timawauzira ana aang'ono, ndipo iye anangotseka pakamwa osatsegulanso. Ankadya, ankasewera payekha, pamlatho ankabwerabe, koma mawu ayi. Agogo ake anavomera kuti ndipite naye kuchipatala cha ku Mitundu akamuone. Adokotala anati alibe vuto m'makutu kapena pakhosi, adzayankhula yekha. Potuluka m'chipatala ndinaganiza kuti mwina akamva mawu a mayi ake lilime limasuka, ndipo ndinapita naye kuofesi, dzuwa lili paliwombo, n'kumukhazika pampando nditamuikira mabuku pansi kuti nkhope ifike pa kamera.

Atamva moni uja anatsika pampando. Anayang'ana kuseri kwa kompyuta, pansi pa tebulo, kuseri kwa chitseko. Ndinamubwezera pampando, akuyang'anabe kukhomo, ndipo mayi ake anamuuza kuti ayang'ane kuno. Anayang'ana. Sanalire, sanamwetulire, anangotong'ola maso pagalasi la kompyutayo osaphethira, ndipo makinawo poona munthu womvetsera chonchi anamuyamikira kuti wachita bwino, n'kuyamba kumuphunzitsa kutalikirana kwa mapando a chimanga. Mwana anamvetsera phunziro lonse mpaka kumapeto. Ndinadziuza kuti ndi chiyambi cha kuchira.

Ndipo anayankhuladi. Titafika kumudzi anathamangira agogo ake, pabwalo pali amayi akupuntha nyemba, n'kunena momveka bwino kuti amayi sali ku Lilongwe, ali kuntchito kwa ababa, ali m'bokosi, akugwira ntchito.

Kwa amene simunakulire kumudzi ndifotokoze. Kwathu kuno amati munthu wofuna kulemera amatha kupha mbale wake m'matsenga, anthu n'kuika m'manda chinthu china, pamene mwini wakeyo wamubisa m'chipinda kuti azimugwirira ntchito osalipidwa, osatha kuthawa. Ameneyo ndiye ndondocha. Tsono taonani mmene zinthu zinayalirana. Mkazi wamwalira mwadzidzidzi osadwala. Mwamuna sanagwetse msozi. Mwezi wotsatira bungwe limene linatuma mzungu uja landipatsa njinga yamoto yoyendera m'midzi, ndipo ndafika nayo pamudzi ikulira. Lero mwana wosadziwa kunama, amene anakhala duu nthawi yonseyi, watsegula pakamwa ndi mawu amenewo.

Atsibweni anandiitana m'mawa mwake. Sanakalipe. Anandifunsa ngati ndi zoona kuti mawu a mwana wa mlongo wawo akumveka kuntchito kwanga. Ndinavomera, n'kufotokoza kuti ndi ojambula chabe, ngati nyimbo ya pakaseti. Ndipo poti ndinapita kusukulu, poti ndinazolowera kuti munthu ukamuonetsa chinthu ndi maso amakhulupirira, ndinawapempha kuti abwere adzaone okha. Ndinali wotsimikiza kuti akaona mawaya ndi mabatani nkhani ithera pomwepo.

Anabwera tsiku la msika, atsibweni ndi apongozi anga aakazi, mayi ake a malemu. Mzungu anali atapita kwawo kutchuthi, moti ndinali ndekha. Ndinawaonetsa kamera, nyali, kachitsulo ka pachala, ndipo ndinapempha atsibweni kuti akhale pampando. Anakana, amvekere amene angadziwe mawu a mwana ndi amene anamuyamwitsa, akhale mlongo wawoyo. Apongozi anakhala pampando mwamanthamantha, atakumbatira kathumba kawo. Tsono chikwatirireni ine ndi apongozi sitinayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira wina ankapatuka, tikamayankhulana aliyense ankayang'ana kwake, ndiwo ulemu wa mpongozi. Ine ndinaima pafupi ndi kompyuta kuti ndiiyatse, choncho iwo, posafuna kuyang'ana kumene kuli mkamwini, anatembenuzira nkhope kukhoma.

Mwana wawo anawalandira. Kenako anawauza kuti ayang'ane kuno.

Sindidzaiwala mmene khosi lija linatembenukira, pang'onopang'ono, ngati la munthu amene wamva kuitana kumanda. Anayang'ana galasi lija, misozi n'kuyamba kutsika, ndipo makinawo ataona nkhope yasintha anawauza kuti atopa, apumule kaye, awadikira. Apongozi anayankha. Anaitana mwana wawo ndi dzina la paubwana limene ine sindinkalidziwa n'komwe, n'kumufunsa ngati akumupatsa chakudya, ngati kumeneko kukuzizira, ngati akufuna kuti iwo abwere msanga poti wati awadikira. Ankafunsa akugwedeza mutu monga amachitira amayi potonthoza mwana, ndipo makinawo poona mutu ukugwedezeka anati achita bwino, tiyeni tipitirize, n'kuyamba kufotokoza za mankhwala a anankafumbwe ndi mawu okoma aja, osatopa, osapuma, ngati munthu amene wauzidwa kuti akasiya ntchito amenyedwa.

Ndinaimitsa phunzirolo, kompyuta ikadali yoyaka, n'kuyamba kubwereza za kaseti zija. Atsibweni anandidula mofatsa. Anati kaseti ali nayo kunyumba, imaimba kaya munthu alipo kaya watuluka, kaya akulira kaya akuseka, chifukwa kaseti siona. Anandifunsa kuti, bambo, inu ndinu ophunzira, tiuzeni zoona pamaso pa Mulungu, chinthu ichi chawaona mayiwa kapena sichinawaone? Chadziwa kuti ayang'ana kumbali? Chadziwa kuti akulira?

Ndikanayankha chiyani? Ntchito yanga yonse inali yoti chinthucho chizitha kuona. Ndinati chawaona.

Anadzutsa mlongo wawo n'kupita naye kukhomo. Ndipo tonse titaima chakukhomoko, pampando palibe munthu, mawu aja anatulukanso kuti takulandirani. Ndikudziwa kuti makinawo ankalakwitsa nthawi zina, chitseko chikatseguka kuwala kukasintha ankayesa chithunzithunzi cha pakhoma ndi nkhope ya munthu, zinachitikapo kale ine ndi mzungu tikuseka. Ndikudziwa zimenezo. Koma tsiku limenelo sindinaseke, ndipo kwa kamphindi ine mwini wake, ndi satifiketi yanga ya kukoleji, ndinayang'ana pampando paja kuti ndione amene wakhalapo.

Atsibweni anati ndimumasule mwana wa mlongo wawoyo. Ndinaganiza kuti mwina apa pali potulukira, ndinakhala pansi iwo akuona n'kufufuta mawu onse, moni, maphunziro, ndi tizidutswa tina tomwe tinatsala ta tsiku lojambula lija, momwe ankamveka akuseka atalakwitsa chiganizo. Kompyuta inandifunsa ngati ndatsimikiza, ndinadina kuti inde. Kenako ndinakhala pampando, ndinatembenuza nkhope, ndinakwinya pamphumi, kuti aone kuti mulibenso kanthu. Munali zii. Atsibweni anapukusa mutu n'kunena, osakweza mawu, kuti ndiye kuti zinali m'manja mwanga nthawi yonseyi, kumusunga ndi kumumasula, ndipo ndinasankha kumusunga mpaka atandigwira.

Anandisudzula sabata yomweyo, osadikira nthawi, popanda chakudya kapena mawu otsanzikana. Zovala zanga zinabwera m'thumba la feteleza. Uthenga unali woti ndisadzapondenso pamudzipo, ndipo mwana asadzamvenso dzina langa. Ndinatuma akuluakulu a mpingo, anabwerako manja ali m'khosi. Anzanga a kukoleji anati ndipite kukhoti, masiku ano kuli ufulu, bambo ali ndi mphamvu pa mwana wake. Mwina ndikanawina. Koma ndikanatenga mwana wotani? Mwana amene anaona ndi maso ake, anamva ndi makutu ake, kuti bambo ake anatsekera mayi ake m'bokosi? Palibe amene anamunamiza. Ndinamuonetsa ndekha.

Mwanayo ndinadzamuonapo kamodzi patapita zaka, pa Nathenje, tsiku la msika, ine ndili m'minibasi yopita ku Dedza. Anali atatalika, atavala yunifolomu, atanyamula nzimbe. Maso athu anakumana pawindo, ndipo anabisala kuseri kwa chitenje cha mayi amene anali naye. Kondakitala anamenya chitseko, tinanyamuka.

Kafukufuku anatha chaka chotsatira maliro aja, kompyuta inalongedzedwa m'katoni n'kukwera ndege. Ine ndikugulitsa mbewu ndi mankhwala a mbewu m'sitolo ya munthu wina, kutali ndi kumeneko.

Mukandifunsa chimene ndimakhulupirira lero, sindikhulupirira kuti mkazi wanga anali m'bokosi lija. Ali kumanda a kwawo, pansi pa mitengo, kumene sindiloledwa kukalimirira. Koma sindinenanso kuti atsibweni aja anali mbuli. Anafunsa funso loona, limene ine ndi mzungu wanga sitinadzifunsepo: chinthu chikamaona chisoni chako n'kukuyankha pa nthawi yake, ndi mawu a munthu amene unkamukonda, chonsecho mkati mwake mulibe amene akumva chisoni, chimenecho tichitchule chiyani? Makolo athu anali nalo kale dzina la chinthu chogwira ntchito ndi thupi la munthu koma mwini wake mulibemo.

Mzungu uja ankakonda kunena kuti tsiku lina makina otere adzakhala m'nyumba iliyonse, odziwa ngati mwini nyumba wakwiya, watopa kapena wasungulumwa. Ngati ndi zoona, ndikuchenjezeni abale anga. Akadzakupemphani mawu a munthu amene mumamukonda kuti awaike m'makina otha kuona, mudzakane, ngakhale munthuyo ali wathanzi, akuseka, chifukwa simudziwa amene adzatsale. Ndipo mwana wamasiye musadzamukhazike patsogolo pa chinthu chotero, ngakhale mtima ukuuzeni kuti mukumuthandiza.

Chimene chimandiopsa kwambiri tsopano si tsiku la apongozi lija ayi. Ndi chakuti ndikayesa kukumbukira mmene mkazi wanga ankayankhulira, zimene zimabwera ndi za m'bokosi zija, yang'anani kuno, tiyeni tipitirize. Ndinazimva kambirimbiri moti zinadya mawu ake enieni, a pamphasa, a kudimba, a pamene tinkakangana. Atsala ndi amodzi okha amene makina sanawakhudze. Linali Lolemba m'mawa, sabata imene anamwalira, kukuwaza kamvula. Ndinali nditakwera kale njinga, iye ataima pakhonde ndi mwana m'manja, choko chili m'thumba la diresi. Anandiitana ndisanakhote, ndinatsitsa phazi limodzi pansi n'kucheuka, ndipo anati:

"Bambo ake, Lachisanu musachedwe. Mwanayu amakudikirirani pamlatho."